Chimbale Chimene Chinakana Kuyimba

Kalekale, osati kale lija miyala ikadali yofewa, koma kale la dzana ili, nyimbo zikadayenda pa zimbale zonyezimira, ku Ntcheu kunali mayi wina dzina lake Nangozo. Amuna ake, a Kamzimbi, anali oliza akodiyoni. Ukwati umene iwo sanafikepo anthu ankati unali msonkhano chabe. Ankayimba nyimbo za eni ndi zawozawo, koma panali imodzi imene anapekera Nangozo ali pa chibwenzi. Imeneyo sankayimba wamba. Inkatuluka mwa apo ndi apo, mtima wawo ukakhala m'malo.

A Kamzimbi anamwalira chaka china mvula itachedwa. Chuma sanasiye. Anasiya akodiyoni yofiira yothothoka m'makona, ana atatu osamwerana madzi, ndi kachimbale kamodzi kakang'ono ngati chivundikiro cha kapu.

Kachimbaleko kanabwera motere. Pa ukwati womaliza umene anayimbako panali wojambula kanema, amene kamera yake inkalemba pa tizimbale tating'ono. Batire linamuthera madyerero ali mkati, iye nkungotulutsa chimbalecho, kuponya m'chikwama. Maliro atachitika anabwera nacho kwa Nangozo ngati chipepeso.

"Amuna anu ali umu, mayi," anatero. "Ndi nyimbo yanu ija ilimo. Ndinaijambula ndekha."

Koma chimbalecho chinakana kuyimba. Nangozo anazungulira nacho nyumba zonse zokhala ndi makina oonetsera kanema, ndipo makina onse anayankha chimodzimodzi, kuti mulibe kanthu. Iye sanakhulupirire makina. Anachisunga pakati pa buku la nyimbo za kutchalitchi. Lamulungu lililonse akaweruka ku mapemphero ankachitulutsa, kuchiuzira mpweya, nkuchipukuta ndi nsonga ya chitenje, mozungulira, mozungulira, monga amapukutira mbale ya alendo. Ankati fumbi lisawakhale kumaso amuna ake.

Ana aja anali otere. Woyamba, Sautso, ankakonza mafoni ndi makompyuta pa benchi mumsika ku Lilongwe. Anachoka pakhomo atauza bambo ake kuti kuliza akodiyoni ndi kupemphetsa kovala taye, ndipo mawuwo sanawabweze. Pa maliro anafika manda atakwiriridwa kale. Wachiwiri, Ndaziona, anali mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale. Ndiye anadwazika bambo ake mpaka kuwatseka maso, koma anakwatiwa kumpingo umene nyimbo za paukwati amati ndi za mdima, ndipo m'nyumba mwake akodiyoni sikanalira. Mzime, Fatsani, ankabena nyimbo, ndiko kuzilemba pa zimbale ndi kompyuta, pamalo okwerera basi. Mwa atatuwo ndi yekhayo amene zala zake zinkadziwa kuliza. Koma ankamwa, ndipo tsiku lina anakasiya akodiyoni ya bambo ake ngati chikole kwa mayi wotcheza kachasu. Nangozo anaiwombola ndi mbuzi.

Nthawi yomanga chiliza itayandikira, Nangozo anaitana onse atatu napita nawo kumanda. Anagwada, nagwira dothi la pamtumbira.

"Ndikulumbira bambo anu akumva," anatero. "Amene andimvetse mawu awo tsiku la chiliza lisanafike, akodiyoni ndi yake. Sindibweza."

Mumtima mwake ankaganiza kuti akuponya fupa limene lidzawasonkhanitse pamodzi. Anaiwala zimene agalu amachita fupa likakhala limodzi.

Inali nthawi ya tchuthi, choncho anapita kusukulu ya Ndaziona, kumene kunali chipinda cha makompyuta. Makompyutawo ankayendera Linux, pulogalamu yaulere imene aliyense amaloledwa kuisuzumira m'mimba, kuifunsa chimene chikuivuta, ngakhale kuisintha. Nangozo anakhala pa mpando wa ana asukulu pafupi ndi chitseko, buku la nyimbo lili pamiyendo. Sankadziwa kanthu za makinawo. Ankangowerenga nkhope za ana ake.

Sautso ndiye anayamba, poti ndi wamkulu. Analowetsa chimbale mu dilaivu, kabokosi kowerenga zimbale kamene kanalumikizidwa ku kompyuta ndi chingwe. Kabokosiko kanalira pang'ono, kenaka pa sikirini panatuluka mawu. Sautso anaseka kumphuno.

"Mwaona, amayi? Ikuti chimbale nchopanda kanthu, ndipo ikufunsa ngati tikufuna kulembamo. Wojambula uja anakupusitsani. Zaka zonsezi mwakhala mukulera dzira losukusa. Fatsani, bweretsa nyimbo zako za kwaya tibenemo, chigwireko ntchito."

Chala chake chinali chitatsala pang'ono kudina. Ndaziona anachimenya ngati akuthamangitsa nkhuku pa mphale.

"Achimwene, dzanja lanu limathamanga kuposa mutu."

Anatulutsa chimbale, napita nacho pawindo, nachipendeketsa padzuwa. Anaitana mayi ake. Kunsi kwa chimbalecho kunali mitundu iwiri: mkati moderapo, kunja kowala.

"Moderamu ndi mmene mwalembedwa, amayi. Chimbale chopanda kanthu sichikhala ndi mzere uwu."

Anabwerera pa kompyuta, natsegula kawindo kakuda kopanda zithunzi, nalemba mawu ofunsa dilaivu yeniyeniyo chimene ikuona. Yankho linabwera: muli zolembedwa zambiri, koma chimbale sichinatsekedwe. Ndaziona anafotokoza kuti kamera ikamaliza kujambula imayenera kulemba kumayambiriro kwa chimbale malangizo osonyeza pamene kanema ali. Batire linatha isanatero.

"Chili ngati nkhokwe yodzaza chimanga, koma womanga anaiwala khomo. Wodutsa aliyense akuti mulibe kanthu. Ife sitifuna khomo. Tisasula denga, tikokolole zonse monga zilili, kuyambira pansi mpaka pamwamba."

Nangozo anagwira pamtima. Kwa nthawi yoyamba munthu wina anavomereza kuti amuna ake alimo. Akadadina Sautso, palibe akudziwa chimene chikadatsala. Imeneyo ndiyo inali ntchito ya Ndaziona.

Anayamba kukopa. Manambala anathamanga pa sikirini, kenaka dilaivu inati gwe, gwe, nkukhala chete. Inayambanso kuzungulira, nkukhalanso chete. Kompyuta inalemba kuti yalephera kuwerenga. Ndaziona anayesa kachiwiri, anasamutsira kabokosiko pa kompyuta ina, anayesanso. Chimodzimodzi.

"Basi, chimbale chinafa," anatero motsitsa mawu. "Zilimo, koma sizituluka."

Sautso anali atatuluka kukakhala pakhonde ndi manyazi ake. Koma khutu la mmisiri silikwiya. Analowa, naima kumbuyo kwa mlongo wake.

"Aphunzitsi, chikulira apa si chimbale. Ndionetseni madandaulo a kompyutayo."

Linux imalemba chilichonse chimene chikuipweteka, ndipo wofuna amawerenga. Ndaziona anatsegula, Sautso nkuloza ndi chikhadabo chakuda. Mzere wina unkati dilaivu yachoka, wotsatira unkati yabwera, winanso yachoka.

"Chimbale chowonongeka sichithawitsa dilaivu. Kabokosi aka kakukomoka ndi njala. Kakudya magetsi ndi kutumiza katundu pa kachingwe kamodzi kowonda ngati mchira wa khoswe. Kakati kathamange, mphamvu yatha. Munaphunzira zonse ku koleji kupatula kumvetsera."

Sautso anafunsa komwe amataya makompyuta akufa, Ndaziona nkumulozera chipinda china. Anakhala m'chipinda chafumbicho mpaka dzuwa kupendeka, akumasula mabokosi, kuchotsa madilaivu akale amene amakhala m'kati mwa kompyuta ndi kudya magetsi pa chingwe chawochawo. Chitsulo chinamucheka chala, iye nkungomanga ndi kansalu. Dilaivu iliyonse ankaitsegula, kupukuta kadiso kake ka galasi ndi thonje lonyowetsa sipiriti, nkuilumikiza ndi chingwe chosapindika. Ena anakana kuwerenga chimbale chosatseka. Ena anali akhungu ndithu. Pomaliza inapezeka imodzi yachikasu ndi ukalamba, imene inalandira chimbalecho nkuyamba kung'ung'udza mosadukiza. Manambala anayenda osaima.

Nangozo ankayang'ana manja a mwana wakeyo. Anali manja a bambo ake enieni, zala zazifupi zodziwa kufatsa ndi chinthu. Anafuna kumuuza, koma anaopa yankho. Imeneyo ndiyo inali ntchito ya Sautso.

Chimwemwe sichinakhalitse. Kukopa kutadutsa pakati, kunaima. Ulendo uno dilaivu sinathawe. Inkangobwerezabwereza malo amodzi ngati ngolo yatitimira m'matope, mpaka kompyuta inataya zonse nkunena kuti yalephera. Anayambiranso, ndipo inaimanso pomwepo.

"Apa ndiye ndi chimbale," anatero Sautso. "Mbali yanga ndathana nayo. Benchi yanga ikundidikira."

Ndaziona naye anati amuna ake ayamba kufunsa chimene akusaka m'nyimbo za mdima. Onse awiri anachoka. Anatsala Fatsani, amene tsiku lonse palibe anamufunsa nzeru.

"Amayi, mukanditengere makiyi a chipinda chino kwa achemwali," anatero. "Ndipo musandipatse ndalama ngakhale ndilire."

Ntchito yake yobena nyimbo inamuphunzitsa za zimbale zokalika zimene anthu amabwera nazo m'matumba. Ankadziwa kapulogalamu kena ka pa Linux kamene sikalimbana ndi bala. Kakafika powonongeka kamalumpha, nkupita kukatenga zonse zabwino kutsogolo, kakukumbukira maenje amene kasiya. Kakatero kamabwerera kudzanyambita m'mphepete mwa dzenje lililonse, kuchokera uku, kuchokera uko, kutola kachidutswa kalikonse kamene kangatoleke. Fatsani analamulanso dilaivu kuti izizungulira pang'onopang'ono, poti wothamanga saona singano pansi.

Ntchitoyo inatenga masiku. Magetsi ankazima, ndipo akayaka kapulogalamuko kankapitiriza pamene kanalekera. Dilaivu ikatentha, Fatsani ankaipumitsa nkuikupiza ndi katoni. Nangozo ankamubweretsera mbatata ndi tiyi, nkumupeza atakhala pomwepo, maso ali psuu, ludzu la mowa likumuzunza. Anzake anabwera kudzamuitana pawindo.

"Fatsa, wakwatira kompyuta kodi? Tiye ukanyowetse kukhosi!"

"Pitani, ndili pa maliro a bambo anga," anayankha osatembenuka.

Zimene anakokolola zinali chimulu chimodzi chopanda mutu ndi mchira. Anachifufuza mpaka anapeza pamene kanema akuyambira, nadula, nalumikiza, mpaka chinasanduka chinthu choti munthu nkuonera. Imeneyo ndiyo inali ntchito ya Fatsani.

Anasonkhananso onse masana a tsiku loti mawa lake ndi chiliza. Anatseka makatani. Fatsani anadina.

A Kamzimbi anatulukira pa sikirini atavala jekete lawo la bulauni, taye itapotoka, akodiyoni ili pachifuwa. Anaseka, mpata wa mano awo uja nkuoneka. Anakoka akodiyoni, nayamba kuyimba nyimbo yonyoza akuchimuna kuti abwera ndi nkhuku yowonda. Mawu anali awo enieni, okhala ndi kamchenga pakhosi. Nangozo anaimirira osadziwa kuti waimirira. Ndaziona analira poyera. Sautso anayang'ana kudenga.

Anayimba nyimbo zingapo. Kenaka anatembenukira kumbali ya azimayi, natambasula dzanja.

"Iyi ndi ya mayi akunyumba," anatero. "Ndi awo akubisa nkhope apowo, ngati sitinakalambe limodzi."

Anthu a mu kanemayo anaseka. Akodiyoni inayamba pansipansi. A Kamzimbi anakoka mpweya, natsegula pakamwa. Pomwepo nkhope yawo inasweka kukhala timabokosi tobiriwira, mawu anati tswii, chithunzi nkuuma. Chitabwerera, anthu anali akuwomba m'manja, nthungululu zili pakamwa, ndipo kamera inali pa mayi wina akupukuta misozi ndi chitenje. Mayiyo anali Nangozo.

"Bwezani," anatero Nangozo kuuza Fatsani.

Fatsani anabweza. Pakamwa panatseguka, nkhope inasweka, manja anawombedwa.

"Bwezaninso."

"Amayi, palibe," anatero Fatsani. "Pamenepo ndakhalapo masiku onsewa. Ndi dzenje limene lakana."

"Chifukwa chiyani pomwepo? Nyimbo ya nkhuku yowonda yatuluka yonse. Chifukwa chiyani yanga?"

"Chimbale chakalamba, amayi," anafulumira Ndaziona. "Zimatero."

"Musawanamize," anatero Sautso. Anatenga chimbalecho nachiika pa kuwala. "Chimbale chikakalika modutsa, kuchokera pakati kupita kunja, makina amadziwa kulumpha. Koma onani mizere iyi. Ikuzungulira, kutsata njira yomwe nyimbo imayenda. Mchenga umodzi pansalu, wafufuta mzere wonse. Alipo amene ankachipukuta mozungulira, osati kamodzi. Ndani?"

Nangozo anayang'ana nsonga ya chitenje chake, imene inali kale m'manja mwake, yopindidwa pa chala monga mwa masiku onse a Lamulungu. Anaisiya pang'onopang'ono, nakhala pansi.

"Pakamwa panu mpomwe panadwalitsa bambo," anatero Fatsani. "Lero mwayamba amayi."

"Ine ndimanena zoona. Iwe zoona zako zili m'botolo."

Fatsani anagwada pafupi ndi mayi ake. "Nyimboyo ndimaidziwa, amayi. Ndinkawamva akuiyeserera kuseri kwa nyumba. Ndipatseni akodiyoni ndikuyimbireni yonse."

"Sindinapemphe mawu ako," anatero Nangozo. Sanakweze mawu, ndipo n'chifukwa chake anapweteka kwambiri.

Akadakhala ana ena, akadatuluka mwakachetechete. Awa anayamba mlandu pomwepo, mayi awo ali pakati.

"Popanda ine mukadabenamo kwaya," anatero Ndaziona. "Nonse munati mulibe kanthu. Amene anaona kuti bambo alimo ndine. Ndipo pamene ankasanza magazi, beseni ankagwira ndani?"

"Kuona nkhokwe si kudya," anatero Sautso. "Munanena nokha kuti chimbale chinafa. Ndani anachitsegulira njira? Magazi anga ali pa dilaivu iyo. Akodiyoniyo inu mukaitenga mukaibisa pansi pa bedi kuopa abusa anu, mpaka mphemvu zidye."

"Inu mukaigulitsa mumsika! Si munati ndi chopemphetsera?"

"Ndinanena. Ndinalibe nthawi yobweza. Mundimana ndi ichi chomwe?"

"Nonse munathawa," anatero Fatsani. "Wina ku benchi, wina kwa mwamuna. Amene wawamvetsa amayi mawu ndi amene anatsala. Ndipo mwa ife atatu, ndani angailize?"

"Uilize kuti? Kwa mayi wa kachasu?" anatero Ndaziona. "Mbuzi zinatha, mchimwene."

Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa mayi wawo ngati akufuna madzi akumwa.

M'mawa mwake anthu anasonkhana kumanda. Chiliza chinali chitakutidwa ndi nsalu yoyera. Nangozo anakhala pa mkeka, akodiyoni ili pamiyendo, ikulemera kuposa mmene ankaidziwira. Ana ake anaima motalikirana, aliyense ndi mbali yake ya manda. Abale onse ankadziwa za lumbiro lija, ndipo ankadikira.

Anayesa kuyeza mlanduwo mwachilungamo, monga mayi amene anawabereka onse ndi ululu wofanana. Popanda diso la Ndaziona, chimbale chikadatayidwa kapena kulembedwa zina. Koma Ndaziona anataya mtima pa chopinga choyamba, anamunamiza pofuna kumuteteza, ndipo kwake akodiyoni ikafa ndi chete. Popanda manja a Sautso, palibe kachidutswa kakadatuluka. Koma ndi iye anatsala pang'ono kuwononga zonse, ndi iye anamulasa ndi choonadi pamaso pa ena, ngakhale kuti mwina ndi iyenso amene akusowa kwambiri chinthu cha bambo ake choti agwire popepesa. Popanda kupirira kwa Fatsani, zonse zikadathera pa dzenje lija. Ndi iye yekha angaipatse moyo, koma masiku ochepa osamwa si umboni wa chaka chamawa, ndipo akodiyoni ikapitanso kwa mayi wa kachasu sidzabwerera.

Panalinso lingaliro lina limene linkamuluma ngati nsikidzi. Iye analumbira kuti wondimvetsa mawu awo. Mawu anawamva, zoona. Koma chimene mtima wake unkatanthauza pogwira dothi lija chinali nyimbo imodzi, ndipo imeneyo palibe anaibweza. Anaifufuta yekha, Lamulungu ndi Lamulungu, ndi dzanja lachikondi. Akanena kuti palibe wapambana, adzakhala akusunga lumbiro, kapena akulanga ana chifukwa cha kulakwa kwa chitenje chake?

Nsalu yoyera inachotsedwa. Dzina la a Kamzimbi linaonekera pa simenti. Mkulu woyendetsa mwambo anatembenukira kwa iye.

"Mayi Nangozo, akuti muli ndi mawu."

Nangozo anaimirira, akodiyoni ili m'manja. Pamene ankainyamula, inakokeka pang'ono nkutulutsa kamawu kamodzi, ngati munthu wofuna kuyamba nyimbo. Ana atatu aja anasendera kutsogolo nthawi imodzi.

Ine nkhaniyi ndaisenza mpaka apa, ndipo pano ndikuitula pamaso panu. Akodiyoni ndi imodzi, siidulidwa patatu, ndipo lumbiro la pamanda silibwezedwa. Inu mukadakhala Nangozo, mukadaiika m'manja mwa yani: mwa amene anaona kuti mawu alimo, mwa amene anawatsegulira njira, mwa amene anatsala kuwatola mmodzimmodzi, kapena mukadabwerera nayo kunyumba, poti nyimbo imene munkalira palibe anakubwezerani?